Pogona pa Masiku Atatu

Zaka khumi ndi zinayi bambo anathyola mphesa ku Kapa
osalawako vinyo wake m'tambula ya mwendo umodzi.
Ankangoona alendo akutsika m'magalimoto obwereka,
mapu atayala pa boneti,
akukangana mosekerera za tawuni yoti agone
kuti minda yonse ikhale pafupi.
Lero kiyi ali m'manja mwawo.

Galimoto tatenga kwa a Chavula ku Luwinga,
kakang'ono, koyera, kotsokomola m'mawa.
Masiku atatu, mafuta athu,
mukakanda penti dipoziti musaifunsenso.
Bambo asayina pang'onopang'ono,
zala zili zipsera zokhazokha za sizasi yodulira nthambi.

Kunotu mphesa kulibe, ndawakumbutsa.
Kuli khofi, Dokiso, andiyankha.
Nayenso amafiira akapsa,
nayenso amathyoledwa ndi anthu osamumwa.
Ndikufuna ndikawaone nditaima kumbali ya msewu,
manja ali m'thumba.

Tsono tigona kuti?
Kwa azakhali ku Chiputula mphasa ndi yaulere,
koma galimoto ikangoima pakhomo
mbiri imveka yoti wa ku Joni wabwera,
ndipo kukamacha tidzakhala titanyamula simenti ya asuweni,
mbuzi ya chinkhoswe
ndi wodwala dzino wopita ku chipatala.
Ndatchula Rumphi, poti mapiri a Phoka ali pamphuno.
Akana. Nanga minda yotsetserekera ku Nkhata Bay?
Nanga Viphya?
Akufuna pakati,
poti tichoke m'mawa, tibwerere madzulo,
apeze patapata wawo pomwe anamusiya.

Malo oyamba, ku Katoto, misewu yonse ikukumana pakhomo,
koma sipika ya bala ikugwedeza magalasi usana uno.
Achiwiri ali ndi kapinga wometa bwino
ndi mtsikana wotchula mtengo asanatiyang'ane kumaso.
Bambo athokoza, abweza galimoto chambuyo,
yazima kawiri pageti,
anyamata a sakaramento aombera m'manja.

Achitatu ndi a NyaLuhanga ku Mchengautuwa.
Zipinda zisanu, bulangete ziwiriziwiri,
madzi osamba amatenthetsa pa mbaula mukanena usiku.
Ine ndikuyeza matiresi ndi chibakera,
ndikununkhiza pilo.
Bambo sanalowe n'komwe.
Ali panja, akuwerenga mapazi kukula kwa geti,
akufunsa mlonda dzina lake ndi kwawo,
kenako aima, ayang'ana bwalo momwe latsetserekera kumsewu.
Pano, atero.
Ikakana kulira m'mawa, iwe ukhala pa chiwongolero,
ine ndingoikhudza ndi phewa.

Talipira. Risiti aipinda kanayi,
ailowetsa m'pasipoti yotha ntchito.

M'sutikesi muli botolo limodzi lokulunga m'masokosi.
Anawapatsa kapitawo tsiku lotsanzikana,
ladutsa zipata zitatu za malire osatsegulidwa.
Afunsa ngati pali tambula ya mwendo.
NyaLuhanga aseka, abwera ndi makapu a tiyi,
ina yothyoka chogwirira.
Asunge, atero bambo, mpaka usiku wachitatu.

Nkhungu yatsika nthawi ya folo, monga mwa Mzuzu,
mawawa ayamba kunyowetsa zovala pa chingwe.
Atulutsa mapu amene agula m'sitolo ya mabuku,
awayala pa boneti yofunda,
apsinja ngodya ndi foni, kiyi, mwala ndi chigongono.
Mawa kumpoto, atero, tidzere Ekwendeni.
Chabwino, ndavomera.
Andiyang'ana.
Ayi, mwanawe, usangovomera.
Tsutsa. Unene kuti tiyambe kum'mawa.
Aja ankatero.

Ndiye ndatsutsa.
Ndati msewu wa Phoka ndi woterera mvula ikagwa,
ndati kagalimoto aka n'kankhuku, sikakwera phiri,
ndati mafuta satikwana.
Iwo akuyankha mokweza, chala chili pa mzere wofiira,
pepala likufewa ndi madontho,
mlonda waima potero ndi tochi yosayatsa,
akudabwa kuti anthu awiriwa ayambanirana chiyani.